Ophunzira udokotala pa OPD: tiwaphunzitse bwanji mzere uli mpaka panja?

Mlangizi_OPD, Chipata:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kiliniki yathu ilandira ophunzira udokotala anayi a chaka chachisanu. Akhala nafe milungu 6 kuti aphunzire kuona odwala oyendera pa OPD, kumene timaona odwala osagonekedwa, monga amachitira dokotala wa banja. Zipinda zoonera odwala ndi ziwiri zokha, ndipo akubwera mu February, mvula ili pakati, malungo atavuta, mzere ukufika panja 8 koloko isanakwane. Ku wadi kuphunzitsa sikuvuta chifukwa wodwala ali pabedi ndipo mawa mumupeza pomwepo. Pa OPD wina wasiya munda, wina wapalasa njinga kuchokera ku Chiparamba ndipo akufuna abwerere kusanade. Tsiku tilikonze bwanji kuti ana awa aphunziredi koma mzere usaime? Aone odwala angati? Nanga ndi ziti zimene sayenera kuchoka asanazigwire ndi manja awo?

Dokotala_wa_Banja:

A Mlangizi, choyamba chotsani mpando wa pakona. Wophunzira wokhala pakona n'kumaonerera inu mukuona odwala 50 amatuluka ndi tulo basi. Kuonerera kukhale kwa tsiku loyamba lokha, kuti adziwe pamene pali sikelo, labu, famase ndi mafomu otumizira odwala ku chipatala chachikulu. Kuyambira tsiku lachiwiri aziona odwala yekha, koma ochepa: atatu kapena anayi m'mawa wonse pa mlungu woyamba, asanu kapena asanu ndi mmodzi pofika mlungu wachinayi. Wophunzira sanabwere kudzachepetsa mzere, ndipo mukamuwerengera ngati wantchito mudzakhumudwa nonse.

Zipinda ziwirizo zigwire chonchi. Inu muli m'chipinda choyamba, mukuyendetsa mzere monga mwa masiku onse. Wophunzira ali m'chachiwiri ndi wodwala mmodzi amene mwamusankhira, ndipo ali ndi mphindi 20. Pa nthawi imeneyo inu mwaona odwala atatu. Mukalowa kwa iye, akufotokozereni pamaso pa wodwalayo, m'chinenero chimene wodwala akumva, kwa mphindi ziwiri zokha. Kufotokozera pamaso pa wodwala kumapulumutsa nthawi, chifukwa mayi akamva wophunzira akunena kuti mwana wadwala masiku awiri amakonza yekha kuti ayi, kuyambira Lachisanu.

Kenako gwiritsani njira yophunzitsira mwachidule ya mu 1992 yotchedwa One-Minute Preceptor. Funso loyamba n'lakuti, “Ukuganiza kuti akudwala chiyani?” Mukafunsa khalani chete. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amagwera: wophunzira akangozengereza, iwo amayankha okha, ndipo mwayi wodziwa mmene mwanayo akuganizira watha. Akatchula matenda, mufunseni chimene chamufikitsa pamenepo ndi china chimene anachiganizira n'kuchisiya. Mukatero mupatseni lamulo limodzi lokha lomwe adzagwiritse ntchito kwa odwala ena, monga lakuti mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene akumva m'mimba kuwawa afunsidwe tsiku limene anasamba komaliza. Muuzeni chimodzi chimene wachita bwino, mochitchula, osati “wakhoza” chabe, ndi chimodzi choti akonze. Zonsezi sizipitirira mphindi zisanu. Mukayamba kulalikira za matenda onse a chiwindi, mzere waima ndipo iye sakumbukira kanthu.

Wodwala woyamba musankhireni wa vuto limodzi looneka bwino. Agogo a BP, shuga, maondo ndi kusagona asungireni mlungu wachitatu.

Sista_wa_Ana:

Zimene anena a Dokotala n'zoona, koma mu February theka la benchi limakhala amayi obereka ana, choncho ophunzirawo ayambire pa tebulo loyezera, osati m'chipinda. M'mawa uliwonse mmodzi akhale ndi namwino poyeza kulemera, kutentha kwa thupi ndi mkono, ndipo aziyenda m'mzere kufunafuna mwana woti asadikire: amene sakutha kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena walefuka moti sakudzuka bwino. Ophunzira amaziloweza zimenezi m'buku la IMCI, la kasamalidwe ka ana odwala, koma kuzindikira mwana wolefuka ali kumbuyo m'chitenje kumafuna maso ozolowera. Awamasulitse amayi, amuone mwanayo nkhope.

Kupuma awerenge mphindi yathunthu, mwana ali phee, wotchi ili m'manja. Akawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi amalakwitsa, chifukwa khanda limapuma modukizadukiza. Malire ake: 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi iwiri, 50 kuyambira miyezi iwiri mpaka 11, ndi 40 kuyambira chaka chimodzi mpaka asanakwane zisanu. Akweze malaya aone ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati pokoka mpweya. Tepi ya MUAC, yoyezera kukula kwa mkono poona kunyentchera, ikhale pakati penipeni pa phewa ndi chigongono, mkono utagwa pansi, osakoka kwambiri. Kutsika pa 11.5 cm ndi kofiira. Asaiwale kudina pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, poti mwana wotupa amalemera bwino pa sikelo n'kupusitsa anthu.

Za malungo, aliyense achite RDT, kuyeza malungo kwachangu ndi dontho la magazi, ndi manja ake kangapo, asamangolemba pepala la ku labu. Zolakwika ndi zomwezomwezo: magazi ochuluka, madontho a madzi oyezera (buffer) osawerenga, kuwerenga nthawi yolembedwa pa bokosi isanakwane kapena itapitirira kalekale. Mzera wa C, wosonyeza kuti choyezeracho chagwira ntchito, ukapanda kutuluka, kuyezako n'kwachabe, abwereze. Ndipo adziwe kuti RDT imatha kuonetsabe malungo kwa milungu ingapo munthu atachira. Mwana amene anamwa Coartem masiku khumi apitawo n'kubwera thupi likutenthanso asangopatsidwa Coartem wina. Aonedwe m'makutu, pakhosi, m'chifuwa ndi mkodzo, ndipo magazi akaonedwe pa maikulosikopu. Coartem apereke potengera sikelo, osati zaka: piritsi limodzi kwa wa makilogalamu 5 mpaka asanafike 15, awiri mpaka asanafike 25, atatu mpaka asanafike 35, anayi kuyambira 35, kawiri pa tsiku masiku atatu, ulendo wachiwiri patapita maola 8, ndi chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro kapena mkaka wa m'mawere. Malungo akakula, artesunate ndi 2.4 mg pa kilogalamu, koma 3 mg kwa mwana wosakwana makilogalamu 20, ndipo jekeseni woyamba abayidwe musanamutumize, osati akafika.

Mphunzitsi_Lundazi:

Ine ndisiyana nanu pang'ono, a Sista. Mukawasiya pa malungo ndi chibayo milungu yonse 6, adzatuluka akatswiri a RDT koma udokotala wa banja sanaulawe. Chimene chimasiyanitsa ntchito imeneyi ndi ya ku wadi n'kuona munthu yemweyo kachiwiri ndi kachitatu, n'kudziwa kwawo. Choncho pa mlungu woyamba wophunzira aliyense apatsidwe odwala atatu a matenda okhalitsa kuti akhale ake: wa BP, wa shuga, ndi wa ma ARV kapena TB. Tsiku lobweranso lilembedwe mogwirizana ndi masiku amene wophunzirayo alipo. Akadzaona kuti amlodipine wa BP amene analemba watupitsa mapazi, kapena kuti bambo aja anasiya kumwa mankhwala mutu utangoleka kuwawa, phunziro limenelo silichoka.

BP ayeze yekha, wodwala atakhala pansi mphindi zisanu, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza manambala, ndipo munthu amene wangotsika pa njinga sayezedwa nthawi yomweyo. 140/90 ya tsiku limodzi si matenda ayi, abwerenso tsiku lina. Koma manambala omwewo kwa mayi woyembekezera amene wapitirira milungu 20 amafuna kuyeza mkodzo tsiku lomwelo. Wa shuga avule nsapato ulendo uliwonse, aonedwe pakati pa zala. Ndipo wophunzira azifunsa mankhwala onse amene munthu akumwa, kuphatikizapo a ku kiliniki ya ma ARV (ART) ndi a kwa asing'anga, chifukwa makadi amakhala osiyana ndipo wodwala sanena ngati sanafunsidwe. Dolutegravir wa mu ma ARV a TLD amachulukitsa metformin wa shuga m'magazi, motero mlingo wa metformin sukwezedwa mwachisawawa. Rifampicin wa TB amachepetsa dolutegravir, motero pamafunika piritsi lina la 50 mg patapita maola 12. Zimenezi zimaphonyeka pamene aliyense akuona nthenda yake yokha.

Chinanso ndi chinenero. Wophunzira wa ku yunivesite ya UNZA, ya Levy Mwanawasa kapena ya Copperbelt akhoza kukhala wa ku Mongu kapena ku Kasama, ndipo Chinyanja cha ku Lusaka sichimufikitsa patali ndi agogo a Chinsenga kapena a Chitumbuka. Ngakhale wolankhula Chichewa amakodwa. Wodwala akati “ndili ndi malungo” nthawi zambiri akunena kutentha thupi ndi kuphwanya, osati kuti wayezedwa. “Mtima ukuthamanga” ukhoza kukhala kuchepa kwa magazi, BP, kapena nkhawa ya ngongole ya feteleza. “Kumsana kukuwawa” kwa mayi nthawi zina ndi khomo lolowera nkhani ya kumaliseche imene sangainene pamaso pa apongozi amene amuperekeza. Wophunzira aphunzire kufunsa kuti “mukamati malungo, mukumva bwanji m'thupimo?” ndiponso kupempha woperekeza kuti ayambe wadikira panja.

Afunsenso kumene munthu wachokera. Wa ku chigwa cha Luangwa, ku Mambwe kapena ku Chama, amene thupi likutentha, RDT siikuonetsa kanthu, ndipo ali ndi chilonda pamene analumidwa ndi kashembe, aganiziridwe za kaodzera. Mnyamata wosamba m'madambo amene akukodza magazi, likodzo, ndipo praziquantel ndi 40 mg pa kilogalamu. Wodutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji amakhala ndi kabuku kake ka chipatala ka ku Malawi m'thumba. Kapempheni, mbiri yonse ili mmenemo.

Mlangizi_OPD, Chipata:

Zikomo nonse. Koma chipinda chachiwiricho n'chimodzi, ophunzira ndi anayi. Atatu enawo azikhala kuti? Ndipo pepala la mankhwala akalemba iwo, ku famase alandire?

Wa_ku_Famase:

Asalandire, akulu. Wophunzira sanalembetsedwe ngati dokotala ku Health Professions Council of Zambia, ndiye chilichonse chimene walemba, kaya pa kadi kaya mu SmartCare, kaundula wa odwala wa pa kompyuta, chimafuna inu muchione ndi kusaina, ndipo wodwala asachoke inu musanamuone ndi maso. Asagwiritsenso ntchito dzina lanu lolowera mu kompyuta inu kulibe. Njira yabwino n'njakuti alembe mankhwala pa pepala lapadera, dzina, mlingo, kangati pa tsiku, masiku angati, inu mukonze, kenako alembe pa kadi. Pamenepo mudzaona matenda a ophunzira ambiri: amoxicillin kwa aliyense wa chimfine, ndi mankhwala asanu kwa munthu wa vuto limodzi poopa kuti wodwala anyozeka akapita ndi Panado yekha. Mufunseni piritsi lililonse kuti likuchiza chiyani. Mwana wotsekula m'mimba popanda magazi amafuna ORS ndi zinc, 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake ngati sanakwane miyezi 6, osati Flagyl.

Za anayiwo, musawaunjike m'chipinda chimodzi. Mayi sangavule pamaso pa anthu asanu, ndipo ali ndi ufulu wokana. Namwino amufunse ali panja, asanalowe, chifukwa akafunsidwa wophunzira ataima pomwepo amavomera mwamanyazi. Awiri akhale m'chipinda, wina akufunsa wodwala, mnzake akumvetsera ndi kulemba zimene zaiwalika, n'kumasinthana. Wachitatu akhale pa tebulo loyezera monga anenera a Sista. Wachinayi azizungulira: sikelo ya amayi oyembekezera, ART, TB, ndi tsiku limodzi pa zenera la famase. Pa zenerapo ndi pamene adzamve wodwala amene wangotuluka kwa dokotala akufunsa kuti “awa ndimwe bwanji?”, n'kuzindikira kuti kufotokoza kwa m'chipinda muja sikunamveke. Aphunzire kuuza wodwala kuti abwereze yekha mmene akamwere.

Dokotala_wa_Banja:

Ndiwonjezere za kuwayesa, chifukwa fomu ya ku sukulu imabwera tsiku lomaliza ndipo anthu amangochonga “wakhoza” paliponse. Kamodzi pa mlungu khalani m'chipinda mphindi 15, osalankhula, muone wophunzira mmodzi kuyambira moni mpaka kutsanzikana, monga amachitira pa mayeso aafupi oonerera otchedwa mini-CEX. Wofotokoza bwino kwa inu akhoza kukhala amene sanagwire n'komwe pamimba pa wodwala, ndipo zimenezo simungazidziwe muli chipinda china. Chitani zimenezi masana mzere utachepa, Lachiwiri kapena Lachitatu, osati Lolemba.

Onaninso zinthu ziwiri zimene mabuku a ku wadi saphunzitsa. China ndi mawu otsanzikira wodwala amene matenda ake sanadziwike bwino: abwere liti, ndipo aone chiyani kuti abwere msanga ngakhale usiku. “Mukaona kuti sizikusintha mubwere” n'kosakwanira. Anene kuti mwana akaleka kuyamwa, akayamba kupuma mothamanga, kapena kutentha kukapitirira masiku awiri. Chinacho ndi kalata yotumizira wodwala ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Wophunzira ailembe yekha, inu musaine: zimene wapeza, BP ndi kutentha ndi nthawi imene anayeza, mankhwala amene aperekedwa kale ndi ola lake, ndi funso lenileni limene mukufuna kuti akayankhe kumeneko. Pakapita masiku atatu aimbe foni kapena afufuze kuti wodwalayo anafika, ndipo anamupeza ndi chiyani. Alembe yankholo m'buku lake pafupi ndi matenda amene iye anaganizira poyamba, ndipo Lachisanu masana anayiwo akhale nanu theka la ola, aliyense awerenge wodwala mmodzi amene mayankho awiriwo anasiyana.