Thandizeni abale, hotelo yatisinthira chipinda

Moni nonse mugulu muno. Ine ndi akazi anga tinabukitsa hotelo ya m'mbali mwa nyanja ku Jambiani, Zanzibar, ya mwezi wa Ogasiti, chipinda choyang'ana kunyanja, chakudya chonse chili mu mtengo womwewo ndipo tinalipira kale. Pano atumiza imelo kuti mbali imeneyo akukonza ndiye atiika chipinda chakumbuyo koma osabweza olo kangachepe, zoona?

Foni ndayimba, akungoti manejala kulibe. Ndadandaula pa app yomwe tinabukira akuti tikambirane ndi hotelo, hotelo nayonso ikutibwezera ku app konko, basi kumangotizunguza.

Chikundiwawa n'choti ku Jambiani madzi akaphwa amathawira kutali, sungasambe nthawi iliyonse yomwe wafuna, ndiye ife chomwe tinalipirira kwenikweni ndi kukhala pakhonde kumaona nyanja.

Alipo anakumanapo nazo zotere? Tikanize kudzera kubanki poti tinalipira pa khadi, kapena tikakanganirane tikafika? Ndipo akabweza ndalamazo, ku Nungwi kapena Kendwa komwe madzi saphwa kwambiri tingapezebe malo mu Ogasiti?