Odomita ikuwerenga mopitirira, kodi waranti ya galimoto yanga yatha?

Moni kwa nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amakaniko ndi onse odziwa malamulo oteteza ogula.

Ndili ndi galimoto yadizilo yomwe ndinagula yatsopano kuno ku Lusaka, ndipo waranti yake ndi ya zaka zitatu kapena makilomita 100,000, malingana ndi chomwe chiyambe kukwana. Giyabokisi yayamba kuvuta odomita (chowerengera makilomita omwe galimoto yayenda) itangopitirira pang'ono makilomita 100,000, choncho ogulitsa akana kuikonza mwaulere.

Komabe ndikukayikira chiwerengerocho. Popita ku Chipata pamsewu wa Great East ndinayerekeza odomita ndi GPS ya pafoni, ndipo pa makilomita 100 alionse a GPS odomita inkaonetsa pafupifupi 104. Ngati yakhala ikuchita zimenezi kuyambira pachiyambi, ndiye kuti galimotoyi yayenda makilomita pafupifupi 96,000 okha, ndipo m'maganizo mwanga waranti idakalipo. Ndikudziwa kuti matayala ang'onoang'ono amazungulira kambiri pamtunda womwewo n'kukweza chiwerengero, koma anga ndi a saizi yomwe inalembedwa pachitseko, ndipo mpweya ndimaupima nthawi zonse. Makaniko wina analumikiza kompyuta yake osapeza vuto, pomwe ogulitsawo akungoti iwo amatsatira zomwe odomita yalemba basi.

Kodi bungwe loona za miyezo la Zambia Metrology Agency limayeza odomita n'kupereka chikalata chomwe ogulitsa angachivomereze? Nanga ndikapita kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission (CCPC), umboni wa GPS ungamveke, kapena pakufunika lipoti la katswiri?