Akanalamula Halifax mu 1940 osati Churchill, ife kuno zikanatithera bwanji?

Mphunzitsi_wa_ku_Kabwata

Dzulo basi inaima nthawi yaitali pa Burma Road, ndiye maganizo anandithawira kwa agogo anga aamuna, amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma komweko ndi Northern Rhodesia Regiment n'kubwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mu May 1940, Chamberlain atatula pansi udindo wa nduna yaikulu ya Britain, mpando unatsala pang'ono kupita kwa Halifax, nduna yoona za kunja. Bambo ameneyu, masabata awiri okha atadutsa, ankakakamira zoti Italy iyanjanitse Britain ndi Hitler. Akanaukhalira iyeyo mpandowo, nkhondo n'kuthera pomwepo, kodi ufulu wa Zambia wa 1964 ukanafulumira kapena ukanachedwa? Ana a Giredi 12 ndikawafunsa amangondiyang'ana ngati ndawapempha ngongole.

MwanaWaMbala

Ukanachedwa aphunzitsi, mwinanso osabwera n'komwe. Hitler akanaitanitsa maiko amene Germany inalandidwa, kuyambira Tanganyika. Ndiye kuti pa Nakonde tikanapenyana ndi asilikali ake, ndipo mkuwa wa ku Nkana ndi Mufulira sakanangoumezera mate. Njira Ajeremani ankaidziwa kale: mu 1918 anafika mpaka ku Kasama asanadzagonjere kwathu ku Mbala.

Ambuya_a_ku_Chilenje

Zochedwazo ndikuvomera, koma musamuveke Churchill nthenga ayi. Mu 1941 anagwirizana ndi Roosevelt, pulezidenti wa America, pa Atlantic Charter yonena kuti anthu azisankha okha boma lawo. Atabwerera kwawo anauza nyumba ya malamulo kuti mawuwo ankanena za maiko a ku Ulaya oponderezedwa ndi a Nazi, osati ife. Chitaganya cha 1953, chimene a Nkumbula anachiwotchera chikalata anthu akuona muno mu Lusaka, chinabadwa iye yemweyo ali nduna yaikulu kachiwiri.

Chimene chinatithandiza n'kuuma mutu kwake. Anakana mtendere, nkhondo inadya chuma cha Britain zaka zina zisanu, anatulukamo ali ndi ngongole kwa America mpaka m'khosi. Ovota anamugwetsa mu July 1945, Attlee analowa, India inamasuka mu 1947, ndipo chitseko chitatseguka panalibenso wochitseka. Halifax akanasiya thumba lili lodzaza. Mtsamunda wokhuta sachoka msanga, mwana wanga, ndipo azungu a kuno onga Welensky akanatimangirira ku Salisbury (Harare wa lero), likulu la Chitaganya, mosavuta. Ine ndinali kamtsikana nthawi ya Chachacha, mantha a amayi ndimawakumbukira mpaka lero.

Dalaiva_wa_Matero

Nanga Japan mwaisiya kuti? Aphunzitsi, mwina agogo anuwo ku Burma akanapitabe.

Mphunzitsi_wa_ku_Kabwata

A Dalaiva mwandigwira pamenepo, sindinaganizeko. Ambuya, zikomo, ya thumbayo ndaitola. Mendulo za agogo zili m'chitini cha mabisiketi kwa azakhali ku Libala. Ndikazitenga Loweruka, Lolemba ndilowe nazo m'kalasi, tione ngati adzangondiyang'anabe.