Kodi kompyuta bokosi imapsadi, kapena tikungosintha mwachimbulimbuli?

Wophunzira_Kawale: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ma Sienta, ma Aqua ndi ma Note adzaza mu Lilongwe muno, ndipo dashibodi ikangoyaka magetsi ambirimbiri, mawu oyamba pagalaja ndi akuti "kompyuta bokosi yapsa". Munthu angatsimikize bwanji asanagule ina? Nanga kamakina kotchipa ka OBD, kowerengera mavuto a galimoto kuchokera mu kompyuta yake, nkokwanira?

Mawaya_Biwi: Mphwanga, bokosi silipsa wamba. Galimoto ya masiku ano ilibe kompyuta imodzi. Injini ili ndi yake, giyabokosi yake, ABS, ma airbag, chiwongolero chimodzimodzi, ndipo zonse zimalankhulana pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, njira yomwe a Bosch anatulutsa mu 1986. Waya umodzi ukadyedwa ndi khoswe, zonse zimalira nthawi imodzi.

Yamba ndi batire: injini itazima lisonyeze 12.4 mpaka 12.6 volts, ikulira cha m'ma 14. Ona waya wa earth ngati sunachite dzimbiri. Kenako masula theminolo ya negative, uyike mita yoyezera magetsi pa mabowo 6 ndi 14 a soketi ya OBD pansi pa chiwongolero. Upeze 60 ohms. Ukapeza 120, waya waduka penapake kapena bokosi lakumapeto silikulumikizika. Ikayandikira 0, mawaya agundana. Lopsadi nthawi zambiri limakhala ndi mbiri: kusemphanitsa mawaya pojampa, kuwotcherera bodi batire lili chilumikizire, kapena kuthira madzi a payipi mu injini pokwecha.

Mayi_Diagnosi: Ndiwonjezere pa kamakina. Ka ELM327 kolumikiza ku foni kamawerenga makamaka makodi (manambala osonyeza vuto) a injini, ndipo pa galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan kamakana kulumikiza. Za ABS, airbag ndi batire la hybrid zimafuna makina olowa bokosi lililonse, monga Techstream ya Toyota.

Komanso makodi satchula chomwe chafa, achimwene. P0171 imangonena kuti mpweya wachulukira mafuta. Mwina ndi payipi yong'ambika, mwina sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, yakutidwa ndi fumbi lathuli la mwezi wa Okutobala, mwina pampu yafooka. U0100 ikutanthauza kuti mabokosi ena sakulimva la injini, ndiye fyuzi ndi relay ziyambe kaye. Mukaguladi bokosi lina, nambala ya pabokosi ifanane, ndipo lilembetsedwe ku immobiliser, chitetezo chozindikira kiyi wa galimoto, apo ayi sitata izingozungulira injini osalira.

Che_Injiniya47: Kumene zikupita nkovutirapo. Opanga akuchepetsa timabokosi tambirimbiri nkuika makompyuta ochepa amphamvu, ntchito yambiri nkuisiyira pulogalamu. A Tesla amasintha pulogalamu ya galimoto kudzera pa intaneti mwini wake ali mtulo. Ena, monga Jeep kuyambira cha mu 2018, anaika chotchinga pakati pa soketi ya OBD ndi mabokosi: kuwerenga makodi uwerenga, koma kufufuta mpaka makina ako akhale olembetsedwa.

Zina zatifika kale. Galimoto yokhala ndi kamera kuseri kwa windisikirini, mukasintha galasi kamerayo iyenera kuwongoledwanso ndi makina, kupanda kutero mabuleki odzigwira okha amalakwitsa mtunda. Pa Aqua yamtundu woyamba, batire la hybrid la 144 volts lili pansi pa mpando wakumbuyo. Fani yake ikatsekeka ndi fumbi batire limatentha nkutha msanga, mapeto ake P0A80, kodi yonena kuti batire la hybrid lisinthidwe. Mawaya a olenji a batire limeneli osawagwira musanazule pulagi yachitetezo, mutavala magolovesi a magetsi.