Zolakwika za galamala zomwe zimabweretsa mkangano m'makalata a bizinesi

Mlembi_watsopano: Akuluakulu, polemba makalata a Chichewa opita kwa makasitomala, ndi zolakwika ziti zoyenera kuyamba kuziyang'ana kalata isanatuluke?

Mkonzi47: Yambani ndi nthawi ya aneni, chifukwa ndi pomwe pamagona mkangano. "Titumiza katundu" wowerenga amamva kuti ndi lero kapena posachedwa, pomwe "tidzatumiza" ndi za m'tsogolo. Choopsa kwambiri ndi "tikatumiza". Pakamwa, kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasiyanitsa "tipita kukatumiza" ndi "pamene tatumiza", koma papepala zonse zimalembedwa chimodzimodzi. Ndiye "tikatumiza katundu mulipire" wina aziwerenga mbali yomwe yamukomera. Lembani "mulipire mutalandira katundu", ndipo muikepo deti lenileni, monga Lachiwiri pa 14 Okutobala, osangoti "sabata yamawa".

China ndi "a" ndi "wa" aulemu. "Tawauza kuti awapatse risiti yawo": akupatsa ndani, ndipo risitiyo ndi ya yani? Ulemu umachititsa munthu mmodzi kuoneka ngati gulu. Tchulani udindo: "Tauza akauntanti kuti apatse dalaivala risiti ya kampani yanu."

Mayi_wa_zolembera: Ndiwonjezere mgwirizano wa mayina. "Katundu" ngakhale achuluke bwanji timati "katundu wafika", osati "zafika". Koma mukawerenga makatoni, mneni atsatire makatoniwo: "makatoni 40 afika". Mukaphatikiza zinthu zamagulu osiyana, gwiritsani "zi": "kalata ndi makatoni zafika". Komanso "kwa" ndi wa munthu, "ku" ndi wa malo: kwa manijala, ku ofesi.

Mkonzi47: Zoona mayi. Pa kalembedwe, "r" amabwera pambuyo pa "i" kapena "e", monga kulipira, lero, kulembera. Kwina konse ndi "l": ndalama, kalata, kupatula m'mawu ena obwereka monga risiti. Koma tsinde likayamba ndi "l", limakhala choncho ngakhale patsogolo pali "i": zili, chilolezo. Kachizindikiro ka pamwamba (') kamasonyeza kuti pachotsedwa chilembo: m'kalata kuchokera ku "mu kalata", n'zotheka kuchokera ku "ndi zotheka". Pa "mkulu" kapena "mtengo" sitiikapo.

Wa_maakaunti: Manambala akhale m'mitundu iwiri pa mgwirizano uliwonse wa bizinesi, 250 kenako m'mawu. Ziro mmodzi akasowa, mawuwo ndiwo adzakupulumutseni. Ndipo mukayamba ndi "ife", musasinthe n'kukhala "ine" pakati pa kalata, chifukwa sizidziwika ngati akulonjeza ndi kampani kapena wolembayo.