Zoonjezera pa ulendo wa ku St Bathans

Pa funso lija lakuti mudzi wakale wa golide wa St Bathans, ku New Zealand, mungaukaone liti, tinati nthawi iliyonse. Tiwongoleko pang'ono.

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti msewu umaterera ndi madzi oundana m'mawa, ndiye nyamukani ku tawuni ya Alexandra dzuwa litakwera. Ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo petulo thirirani konko, pamudzipo palibe pothirira. Mu Seputembala ndi Okutobala nkhosa zimakhala zikuswa. Galu akazithamangitsa zimathawa n'kusiya ana, choncho musamutenge. Geti la famu mukalipeza lotseka, mulitsekenso.

Nyanja ya Blue Lake, yomwe ili pamudzipo, ndi chidzenje chomwe ankakumbamo golide mpaka m'ma 1930, kenako chinadzaza madzi. Zipupa zake zoyerazo zimagumuka msanga, musaime kunsonga pojambula zithunzi.