Ku Warsaw, zakudya zenizeni za ku Poland ndikazipeza kuti?

Nangondo:
Anzanga amene muli ku Warsaw thandizeni. Mwezi wa mawa ndikubwera kumeneko ku msonkhano wa kuntchito nde sindikufuna kumangodya pizza ndi kebab pafupi ndi hotela ayi, ndikufuna ndilawe chakudya cha eni ake chija amaphika azigogo awo, komanso tsiku limodzi madzulo ndikadye malo apamwambako kumene amaphika za makono. Mthumba simolemera koma kamodzi kokha ndingayesetse. Chinanso nkhumba sindidya, ndamva kuti kumeneko ili mu china chilichonse, nzoona?

Bambo a Tadala:
Achemwali yambani ndi bar mleczny, osanyengedwa ndi mawu oti bar, mowa mulibemo. Ndi makantini akalekale a nthawi ya chikomyunizimu, ena mpaka pano boma limawathandizako pa zakudya zopanda nyama nchifukwa chake mitengo ndiyotsika, ndi ma złoty 30, ndalama za kuno, mukhuta ndithu. Otchuka ndi Bar Prasowy pa msewu wa Marszałkowska, wakhalapo kuyambira 1954. Koma dziwiranitu kachitidwe kake, palibe wobwera kudzakufunsani patebulo. Menyu ili pakhoma, mumaima pamzere nkulipira kaye pa kashiya, kenako kalisiti kaja mumakapereka pa kawindo kumene amayi ophika akupakula, akaitana mumatenga nokha, mukamaliza mbale mubwezenso nokha. Amayi ake ambiri saseka ndipo Chizungu sachifuna, musadandaule si inu nokha, ngakhale eni dziko amawatero. Lembani pafoni zomwe mukufuna nkungowaonetsa. Pitani masana chifukwa pofika madzulo zabwino zimakhala zatha.

Inu osadya nkhumba itanitsani pierogi ruskie, zili ngati samusa koma zowiritsa m'madzi, mkati muli mbatatesi ndi tchizi choyera chotchedwa twaróg. Onjezani barszcz, supu wofiira wa bitiruti, ndi kapu ya kompot, madzi a zipatso zowiritsa. Basi tsiku latha bwino.

Kamwendo_Praga:
Akuluwa anena zoona koma asiya chinthu chachikulu. Pierogi zomwezo amakonda kuwazapo skwarki pamwamba, timafuta ta nkhumba tokazinga, nde muziwauza kuti bez skwarek, kutanthauza popanda skwarki, apo ayi muzangoona zabwera kale. Żurek, supu wowawasa uja wa ufa wa rye amene aliyense amakuuzani kuti mulawe, amaikamo soseji ya nkhumba ndi dzira. Bigos, kabichi wophika ndi nyama, nayo ili ndi nkhumba, kotlet schabowy nde nkhumba yeniyeni, gołąbki, nyama yokulunga m'masamba a kabichi, kawirikawiri chimodzimodzi. Mmalesitanti a chikale akakubweretserani buledi ndi kambale ka zoyera musapake, ndi smalec imeneyo, mafuta a nkhumba. Ngakhale ma pączki, madonasi awo aja a kwa Blikle pa Nowy Świat kuyambira 1869, funsani kaye mafuta ake chifukwa mwachikale amakazingira a nkhumba.

Zomwe mungadye mtima uli mmalo ndi bakha wootcha ndi maapozi, nsomba ya śledź, placki ziemniaczane, zitumbuwa za mbatatesi, ndi flaki, supu wa nthumbwana za ng'ombe. Flaki yo wolokani mtsinje wa Vistula mubwere kuno ku Praga, kwerani metro M2 mutsikire Dworzec Wileński, pa msewu wa Brzeska pali Pyzy Flaki Gorące, amakupatsirani mu kabotolo kagalasi kotentha bwino. Ine ku Old Town ndimati pitani mukajambule zithunzi, paja anachita kumanganso nkhondo itagumula mzinda mu 1944, koma kudya pabwalo penipeni paja ndalama zimangothera mpando. Lesitanti ina kumeneko inandipatsa pierogi zozizira mkati, bilu yake ngati ndadya ndi banja lonse.

Mai Chisomo:
Iii a Kamwendo mwaonjeza, lesitanti ya pierogi ya Zapiecek ili konko ndipo kwa mlendo siyoipa, menyu ya Chizungu ilipo. Za makonozo ndiyankhe ine. Anayambitsa kutchuka kwake ndi Wojciech Modest Amaro, lesitanti yake Atelier Amaro ndi yomwe inali yoyamba mu Poland kulandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wa malesitanti opambana, mu 2013, koma inatsekedwa musavutike kuisaka. Pano yesani Rozbrat 20 ku Powiśle, inalandira nyenyezi mu 2024. Ophika a masiku anowa amatenga zinthu zomwe zija za kumudzi kwawo, bowa wa mnkhalango, kasza (mbewu zophikidwa ngati mpunga), bitiruti, nkhaka zowawasa, nyama ya gwape, nkumakubweretserani pang'onopang'ono timbale tambirimbiri, kalikonse kongoluma kawiri. Mtengo nde ma złoty mahandiredi angapo munthu mmodzi, vinyo payekha. Bukani tebulo msanga pa intaneti ndipo za nkhumbazo mulembe pomwepo, amasintha bwinobwino. Hala Koszyki, msika wakale womwe pano muli malo odyera ambiri, anthu akuuzani, nyumbayo ndi yokongola anaitsegulanso 2016, koma zambiri mmenemo ndi za mayiko ena.

Polipira samalani, mukapereka ndalama nkunena dziękuję, zikomo yawo, weita amamva kuti chenji ndi yake. Dikirani chenji kaye kenako musiye ka 10 peresenti.

Nangondo:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse. Nanga tatar ndikumayiona pa zithunzi ija ndi ya ng'ombe eti?

Kamwendo_Praga:
Ya ng'ombe inde koma yaiwisi asisi, ndi dzira laliwisinso pamwamba, anyezi ndi nkhaka pambali mumasakaniza nokha. Ku Stary Dom pa Puławska amaidulira patebulo panu pomwepo mukuona. Musaidye usiku woti mawa lake muli ndi pulezenteshoni.